Kodi nkhondo ya eni ake ingatikomere m'buku?

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine wa kuno ku Chiponde, ndiye mupirire nane, chifukwa funso ndabwera naloli si lopepuka. Kodi n'koyenera kuti munthu wadya wakhuta, wakhala pamkeka, azimva kukoma powerenga buku mmene anthu akufa ngati nkhuku za chitopa? Ndipo akamaliza n'kumauza anzake kuti bukuli ndi labwino zedi chifukwa muli magazi ambiri? Musafulumire kuyankha kuti ayi. Ambiri a ife tinakulira m'mavidiyo sho, tinkalipira ndalama kuti tikaone Rambo akupha anthu, ndipo tinkaomba m'manja.

Chandiyambitsa ndi mabuku awiri a R. F. Kuang, mayi wachitsikana amene anabadwira ku Guangzhou m'dziko la China mu 1996 koma anakulira ku America. Buku lake loyamba, The Poppy War, linatuluka mu 2018 iye asanakwanitse zaka 22. Lachiwiri, The Dragon Republic, linatsatira mu 2019. Lilipo lachitatu, The Burning God, la mu 2020, koma ilo tilisiye kaye. Amene simunawerenge mundikhululukire, ndiulula zina.

Nkhani yake ndi ya Rin, mwana wamasiye wa kumudzi amene omulera akufuna kumukwatitsa kwa bambo wamkulu kuti geni yawo ya opium iziyenda bwino. Njira yokhayo yothawira ukwatiwo ndi mayeso a boma. Amawerenga usiku wonse, tulo tikamubwerera amadziwotcha ndi phula la kandulo, mpaka akhoza n'kusankhidwa kupita ku sukulu ya usilikali ya Sinegard. Mtsikana aliyense wa ku Mangochi kuno amene analembapo mayeso akudziwa kuti akalephera kukubwera mwamuna, gawo limeneli alimva mpaka m'mafupa. Kenako nkhondo ibuka. Adani a pachilumba cha Mugen alowa m'dziko, achita zoopsa mumzinda wa Golyn Niis, ndipo Rin, amene waphunzira kuitana mulungu wa moto wotchedwa Phoenix, abwezera poyatsa chilumba chonse, ana ndi amayi omwe. Buku loyamba lithera pamenepo.

Zoopsa za ku Golyn Niis Kuang sanazipeke. Anazitenga ku Nanjing, kumene kuyambira mu December 1937 asilikali a Japan anapha ndi kugwiririra anthu kwa masabata angapo. Boma la China limati anafa anthu 300,000. Ndiye taonani: maliro enieni a anthu enieni, avekedwa mayina ena, awonjezeredwa milungu ndi matsenga, n'kugulitsidwa m'mashopu a mabuku. Ndipo anthu anawalandira ndi manja awiri. Buku loyamba linapikisana nawo pa mphoto za Nebula ndi World Fantasy Award. Mu 2020 Kuang analandira Astounding Award, yomwe imapita kwa wolemba watsopano, ndipo chaka chomwecho magazini ya Time inaika mabuku awiriwa pa mndandanda wa mabuku 100 opambana a mtundu umenewu. Azungu ali ndi dzina la nkhani zotere, amati grimdark, kutanthauza nkhani yamdima bii, yopanda ngwazi yoyera mtima. Mukamawerenga zimene oyamikira amalemba, mawu oti lamdima, lankhanza, losanyengerera amatuluka ngati mmene ine ndimaitanira makasitomala kuti usipa wa lero uwu, bwerani muone. Mdima wasanduka chokopera malonda.

Izi zimandibaya chifukwa cha malo amene ndimakhala. Kuchoka pamsika wathu kupita ku Mandimba ndi ulendo wa kabaza basi. Makasitomala anga ambiri amalipira ndi ma metical. Amayi achikulire amene amadzagula mchere ndi mafuta ophikira kwa ine, ena a iwo anawoloka malire omwewa usiku, mwana kumbuyo, mtolo pamutu, m'zaka za nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Nkhondo imeneyi inayamba mu 1977 ndipo inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992. Inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni. Malawi yekha anasunga othawa kwawo opitirira 1 miliyoni, mmene ifeyo eni dziko tinali tisanafike n'komwe pa 10 miliyoni. Ine ndinali khanda pamene inkatha, koma kuno sitiiwerenga m'mabuku a History okha. Timaiona pa bambo woyenda ndi ndodo chifukwa cha bomba lokwirira, timaimva pa mayi amene amangoti zii ukatchula dzina la mudzi wina wake. Ndiye ndikagwira buku la nkhondo n'kumva mtima ukuthamanga ndi chisangalalo, funso limabwera lokha: amayi awa atadziwa chimene chikundikomera, angandione bwanji?

Anthu ena amati vuto ndi matsengawo. Akuti ukafuna kulemba za nkhondo lemba zoona zokhazokha, chifukwa ukaikamo milungu ya moto ndi anthu ouluka wasandutsa maliro kukhala nthano ya kalulu. Mfundo imeneyi imamveka yaulemu, koma amene amainena sanakhalepo pamalire. Nkhondo ya ku Mozambique inali ndi matsenga ake, osati m'buku, koma m'tchire mwenimweni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunatuluka mnyamata wina, Manuel António, amene ankati anafa n'kuuka ndipo watumidwa kudzathetsa nkhondo. Gulu lake linkatchedwa Naparama, linafala ku Zambézia ndi ku Nampula. Ankatemera anthu mphini n'kupakamo mankhwala, akuti katemera wa zipolopolo. Alimi wamba, atamanga kansalu kofiira, atanyamula mikondo ndi zikwanje, ankathamangira anthu a mfuti akuimba. Chodabwitsa n'chakuti m'madera ambiri a Renamo ankathawadi, chifukwa nawonso ankakhulupirira. Munthu wa Naparama akagwa ndi chipolopolo, anzake ankati waswa lamulo, mwina anatembenuka n'kuthawa, mwina anaba. Mankhwalawo sankalakwa, wolakwa anali wakufayo. Manuel António mwiniwake anaphedwa pankhondo mu December 1991. Ndipo musaganize kuti ndi zakale: mu 2022 dzina la Naparama linamvekanso ku Cabo Delgado, anthu atatopa ndi zigawenga zimene zinayamba kuukira ku Mocímboa da Praia mu October 2017.

Si ku Mozambique kokha. Ku Tanganyika mu 1905 anthu a Maji Maji ankawazidwa madzi oti asungunule zipolopolo za Ajeremani. Ku Uganda mu 1986 ndi 1987 otsatira Alice Lakwena ankadzola mafuta pa chifukwa chomwecho. Munthu amene alibe mfuti, alibe boma lomuteteza, alibe kothawira, amagwira chimene chatsala. Choncho wolemba amene wachotsamo matsenga onse m'nkhani ya nkhondo yathu ya ku Africa kuno ndi amene wanama, osati amene wawasiyamo.

Apa ndi pamene ndikufuna mudziwe buku lina, la neba wathu weniweni. Mia Couto, wobadwira ku Beira mu 1955, anatulutsa Terra Sonâmbula mu 1992, chaka chomwe nkhondo inkatha. M'Chingerezi analimasulira David Brookshaw, limatchedwa Sleepwalking Land. Pa chionetsero cha mabuku cha ku Zimbabwe linasankhidwa kukhala limodzi mwa mabuku 12 opambana a mu Africa a zaka za m'ma 1900, ndipo Couto analandira mphoto ya Camões mu 2013 ndi ya Neustadt mu 2014. M'bukumo mnyamata Muidinga ndi nkhalamba Tuahir athawa pamsasa wa othawa nkhondo n'kukabisala m'basi yopsa, mitembo ikadali momwemo. Pafupi apeza sutikesi, mkati muli makope a mnyamata wina, Kindzu, amene anachoka kwawo kuti akakhale Naparama. Usiku uliwonse Muidinga amamuwerengera mkulu uja makopewo, ndipo kukacha amapeza kuti tchire lowazungulira lasintha ngati dziko layenda lili m'tulo.

Muli nkhani imodzi imene sinandichoke m'mutu. Bambo ake a Kindzu alota kuti mwana wawo wamng'ono, Junhito, amene anamutcha dzinali pokumbukira 25 June tsiku la ufulu wa Mozambique, adzaphedwa. Ndiye kuti amubise amuveka thumba la nthenga n'kumuika m'khola la nkhuku, amuphunzitsa kulira ngati tambala, mpaka mwanayo aiwala kulankhula. Palibe magazi pamenepo, palibe chikwanje. Koma ine ndinavala chitenje kumaso. Akatswiri a kunja amakonda kuika mabuku a Couto m'gulu la magical realism, dzina limene iye mwini sakondwera nalo kwenikweni, ndipo ndimamumvetsa. Kwa munthu wa ku London zimenezi ndi zodabwitsa zokometsera nkhani. Kwa ife ndi mmene agogo amafotokozera zinthu zimene pakamwa sipangathe kuzitchula mwachindunji. Ngakhale kwathu kuno malemu Steve Chimombo anagwiritsa ntchito Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri, kuti anene zimene nthawi ya Kamuzu sizikananenedwa poyera.

Komabe pali kusiyana pakati pa mabuku awiriwa kumene sindikufuna tikulumphe. Kwa Couto matsenga sapulumutsa munthu. Kwa Kuang matsenga amagwira ntchito, moto umayakadi, adani amapsadi. Apa ndi pamene pali msampha. Mnyamata wa Naparama ankalota mphamvu imene Rin ali nayo, ndipo malotowo anamupha. Buku lopatsa wozunzidwa moto m'manja limatikomera chifukwa tonse tili ndi wina amene timafuna titamuyatsa. Ine pamene Rin ankawotcha chilumba chija mtima wanga unati eya, alawe nawonso. Ndikukhulupirira enanu munateronso. Wolemba anatitsogolera mwadala, anationetsa Golyn Niis kaye kuti tikwiye, kenako n'kutipatsa machesi.

N'chifukwa chake kwa ine buku lofunika pa awiriwa ndi lachiwiri. Ife a geni tili ndi kope la ngongole. Munthu amatenga shuga ndi sopo akumwetulira, koma tsiku lolipira amadutsa njira ya kuseri kwa msika. Buku loyamba ndi tsiku lotenga katundu. The Dragon Republic ndi tsiku lolipira. Rin timamupeza atasanduka kapolo wa opium chifukwa popanda kuledzera sangagone, Phoenix akumukuwira m'mutu kufuna magazi ena. Anzake akumuopa. Sakudziwa chochita ndi moyo wake koma kupha, ndiye akungofuna wina womuuza woti amuphe. Apeza Yin Vaisra, mkulu wankhondo wolankhula bwino, amene akulonjeza kugwetsa mfumukazi Su Daji n'kubweretsa boma la mavoti. Kumbuyo kwa Vaisra kuli azungu a ku Hesperia, ali ndi mfuti, zombo zouluka ndi amishoni awo, akudikira kuona amene apambane, uku akumuyeza Rin thupi ngati mbuzi ya pamsika kuti atsimikize kuti anthu a mtundu wake ndi otsalira. Othawa nkhondo ochokera kwawo kwa Rin aunjikidwa pamsasa kunja kwa mzinda wa Arlong, eni mzinda akuwanyansidwa. Pamapeto pake amene anamugwiritsa ntchito amutaya. Ndiuzeni, ndi chiyani pamenepa chimene munthu wa ku Niassa kapena ku Tete angachione chachilendo?

Pakati pa owerenga wamba pa intaneti mupezamo odandaula kuti m'buku lachiwirili Rin akutopetsa, amangokwiya, amangolakwitsa, ndipo nkhani ikuchedwa kutentha. Amenewa ndi aja odutsa kuseri kwa msika. Anadya nawo kubwezera m'buku loyamba, pano sakufuna kuona munthu amene kubwezerako kwamusiya. Munthu amene wapha mtundu wonse wa anthu mumafuna adzuke m'mawa ali wosangalatsa?

Nkhondo zenizeni nazonso zimakhala ndi buku lachiwiri, ndipo ndi limene makamera safika. Mozambique itasainira mtendere mu 1992 inakhululukira onse, mbali zonse ziwiri. Sikunakhale bungwe lofufuza zoona ngati lija la Desmond Tutu ku South Africa. Asilikali anabwerera m'midzi, ambiri anakasambitsidwa ndi asing'anga kuti mizimu ya amene anawapha isawatsate, ndipo anthu anagwirizana kusakumba. Sindiwaweruza, chifukwa wopha ndi wophedwa m'bale wake ankatunga pachitsime chimodzi, ndipo chimanga chinkafunika kulimidwa. Koma akulu anati mlandu suola. Mu 2013 mfuti zinayambanso kulira ku Gorongosa. Mu 2015 ndi 2016 anthu a ku Tete anadzadzanso ku Kapise m'boma la Mwanza, kenako n'kusamutsidwira ku Luwani ku Neno, msasa womwe unasungapo makolo awo. Afonso Dhlakama anamwalira mu May 2018, mwezi womwe The Poppy War inkatuluka, ndipo Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade anasainira mtendere wina ku Maputo mu August 2019, mwezi womwe The Dragon Republic inkatuluka. Zinangokumana, musati ndayamba zolosera. Ndikungoti pamene ena ankaimika bukuli pa shelefu, anzathu tsidya ili anali akulembabe lawo ndi miyoyo yawo.

Pamene ndimatsutsana ndi oyamikira a Kuang ndi apa. Iwo amayeza buku ndi kuchuluka kwa mdima, ngati kuti wolemba amene waonetsa mitembo yambiri ndiye wolimba mtima. Ine ndimayeza ndi funso lina: akufawo ndi anthu, kapena ndi nkhuni zosonkhezera mkwiyo wa ngwazi? Pa muyeso umenewu ngakhale The Dragon Republic, ndi ubwino wake wonse, imaperewera pang'ono. Timakhala m'mutu mwa Rin kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Timamva kuzunzika kwake, maloto ake oipa, manyazi ake. Koma amayi a pachilumba chija, amene ankaphika pamene moto unkagwa, amakhala utsi chabe. Chisoni chathu chimathera pa wopha. Mwina Kuang anachita dala kuti tione mmene munthu wotere amaganizira, pajatu iye mwini ananena kuti moyo wa Rin anautengera kwa Mao Zedong. Koma owerenga ambiri amatuluka akumukonda Rin, ena mpaka kumujambula zithunzi zokongola moto uli m'manja. Couto alibe ngwazi yoti uijambule. Ali ndi nkhalamba, mwana, basi yopsa, ndi makope a munthu wakufa amene akuwerengedwa mokweza kuti asaiwalike. Ndi buku lozizira poliyerekeza ndi la Kuang, silikuthamangitsa mtima, ndipo ndikudziwa achinyamata ambiri m'gulu lino angalisiye pakati. Koma ndi limene ndingaliwerenge pamaso pa makasitomala anga aja osagwetsa nkhope.

Kodi ndiye kuti kukoma kumene timamva n'tchimo? Ine sindikuona choncho. Buku losakoma palibe amalimaliza, ndipo alipo achinyamata ambirimbiri amene anamva za Nanjing koyamba chifukwa cha Rin. Pamaliro pomwe anthu amaseka usiku pa siwa, adzukulu amachita nthabwala, ndipo palibe amati anyoza malemu. Chimene chimanyoza ndi kubwera pamaliro chifukwa cha nsima yokha, osafunsa n'komwe kuti wamwalira ndani.

Ndikunena zonsezi chifukwa m'gulu lino muli olemba, ndipo ena mwayamba kale kuyesa nkhani za mtundu umenewu. Shadreck Chikoti anationetsa ndi Azotus the Kingdom kuti Mmalawi akhoza kupeka dziko lakelake. Tsiku lina wina wa inu adzafuna kulemba nkhondo ya matsenga ya kwathu, ndipo zopangira zilipo zambiri kuno ku Mangochi. Mfumu Jalasi inalimbana ndi Angerezi paphiri lomwe tikuliona tikamapita ku Namwera mpaka inagonjetsedwa mu 1895, ndipo mabwinja a Fort Mangochi akadalipo. Mu February 1965 Henry Masauko Chipembere anatsogolera anthu ake kukaukira boma la Fort Johnston, n'kukakanika pa Liwonde, ndipo zimene zinagwera midzi ya kuno pambuyo pake, makamaka mudzi wa Moto, akuluakulu amazinenabe motsitsa mawu. Ena amati nkhani yotere ayenera kulemba mwini wake yekha, Myao alembe za Ayao. Ine sindikugwirizana nazo kwenikweni. Couto ndi mzungu, mwana wa Apwitikizi, koma analemba nkhondo ya alimi akuda mwaulemu kuposa mmene ena akuda akanalembera. Kuang ndi Mtchaina, komabe magazi okha sanamuteteze ku mafunso amene ndafunsawa. Mukadzalemba za 1965, dziwani kuti adzukulu a anthu amenewo ali pa Facebook pomwe pano, ndipo adzafuna kuona ngati agogo awo mwawapatsa nkhope kapena mwawasandutsa nkhuni. Ndipo ngati mudzampatse mnyamata wanu mankhwala oti zipolopolo zizisanduka madzi, mudzalembenso buku lachiwiri, tidzaone amene walipira.

Mabuku onsewa ndawaona m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi, zinenero zimene amayi ambiri aja sawerenga, choncho oyenera kuweruza bwino nkhanizi ndi amene sanafunsidwepo. Tsiku lina msika utazizira masana ndinamufotokozera mayi wina wa tsidya lija nkhani ya Junhito m'Chiyao, mmene ndikanathera. Anamvetsera mpaka pamene mwana waikidwa m'khola, ndiye anapukusa mutu. Anati bamboyo sankaidziwa nkhondo, chifukwa a mfuti akalowa m'mudzi, kaya ndi a mbali iti, ankayambira ku khola la nkhuku. Ndinali ndisanamuuze kuti m'bukumo, m'mawa wina, banjalo lidzuka n'kupeza mwanayo m'kholamo mulibe.